Foni ya Sautso Ngozo

Ndinailanda Lachinayi, belu lisanalire,
ndili pa bolodi kulemba zaka za nkhondo yoyamba ya dziko lonse.
Sautso anali ataweramira pansi pa desiki
ngati wopemphera, koma zala zikuyenda.
Bwera nayo kuno, ndinatero. Udzaitenga Lolemba.

Usiku wa Juni kuno ku Lizulu umaluma mafupa.
Magetsi anathawa, Nanyoni anagona msanga,
makope makumi asanu ndi limodzi akudikira cholembera chofiira,
foni m'thumba la jekete ikundikanda.
Inalibe ndi loko yemwe. Mwana wosasamala.

Ndimayesa ndipeza zopusa. Ndinapeza dambo
lodulidwa timabokosi ngati kope la masamu,
mtsinje, mlatho wamiyala, linga pamwamba pa phiri,
asilikali asanu ndi awiri a makedzana,
wina pa kavalo, wina ndi uta, wina chishango chomuposa msinkhu.
Onse ali chilili. Adani tsidya lija nawonso chilili.
Ndinadikira. Iwo anadikira.
Tiyi anazizira ndisanazindikire
kuti onsewo akudikira ine.

Nkhondo yanji yaulemu chonchi?
Ndiponye ine iwe upenye, uponye iwe ine ndipenye.
Ndi bawo uyu, ndinadziuza, bawo wa kuseri kwa ogulitsa kabichi,
kungoti nkhomo zake zimalankhula,
zimadandaula za malipiro,
ina inasiya mayi odwala kwawo.

Ndiye mayina!
Mnyamatayu anafufuta achilendo n'kuikapo ake.
Wa pa kavalo ndi Sautso mwini, nanga akanakhala ndani.
Wauta ndi Ndaziona wa pa desiki yoyamba.
Wachishango uja, wandevu, woyenda mabokosi awiri
pomwe anzake akudumpha asanu,
dzina lake Chakachanji.
Ndimadziwa kuti amanditcha choncho.
Kuliona lolembedwa ndiye kunali koyamba.

Ndinatumiza wauta pa mlatho.
Foni inalonjeza makumi asanu ndi atatu mwa zana.
Mwana wanga atakhoza choncho ndimapha nkhuku.
Muvi unapita, unaphonya.
Basi, nthawi yawo.
Chala changa m'mwamba, chopanda ntchito,
akavalo atatu akuwoloka mmodzimmodzi, osafulumira,
ngati anthu opita kukalandira makuponi.
Mtsikanayo ananena mawu amodzi okhudza mvula ya kwawo
n'kuzimirira. Bokosi lake linatsala loyera.
Ndinafufuza pobwerera m'mbuyo. Panalibe.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikupha anthu ndi choko,
mamiliyoni pa mzere umodzi,
lembani, zibwera pa mayeso.
Dzanja silinanjenjemerepo.
Lero kachidole kochepa ngati nyemba
kandiumitsa kukhosi pakati pa usiku.

Ndinatsegula mbiri ya Chakachanji, sindikudziwa chifukwa chake.
Nkhondo makumi atatu ndi imodzi. Sanagwepo.
Chisoti chodula kuposa onse ndi chake,
nsapato zachitsulo ndi zake,
wa pa kavalo uja akuyenda ndi lupanga la dzimbiri.
Ndinayang'anitsitsa nthawi yaitali
mpaka batire inafiira, inatsinzina.

Sindinadikire Lolemba.
Mmawa, chifunga chisanachoke pa msewu wa ku Dedza,
malole a mbatatesi akutsokomola pa sikelo,
ndinamuitanira kuseri kwa ofesi.
Ndakuphetsera wauta, ndinatero. Pa mlatho.

Anaitembenuza foni yakufayo m'manja mwake.
Sanakwiye. Anapukusa mutu
momwe ndimapukusira ine wina akasokoneza zaka.
Sala, wauta sapita patsogolo.
Patsogolo mumapita ndinu.
Enafe timabisala kumbuyo kwanu.

M'kalasi Ndaziona anali kusongola pensulo,
wamoyo, chimfine chikumuvuta.
Ndinatola choko, ndinatembenuka.
Nkhope makumi asanu ndi limodzi zili chilili,
zikudikira ine.