Sipanala Nambala Teni

Kuno ku Iquitos msewu umathera m'nkhalango.
Wofuna kutuluka asankhe yekha:
masiku angapo pamtsinje
kapena maola awiri m'mimba mwa ndege iyi,
yomwe ine Nelida Tapullima
ndachezera kunsi kwake usiku wonse.

Mvula ikumenya malata a shedi ngati tili nayo ngongole.
Chinyezi cha kuno chimadya chitsulo osatafuna,
dzimbiri silidziwa Lamulungu.
Ndegeyi ndi yaikulu kwa mwana wanga woyamba,
ndimadziwa pamene imatsokomola,
pamene imabisa mafuta otayikira.

Sabata yatha mabwana ku Lima anadula keke.
Agula ndege zisanu ndi imodzi, akuti,
zidzafika pakatha zaka ziwiri,
tidzatera m'matauni amene lero amangotimva tikudutsa.
Chithunzi chake anatimatira pamwamba pa ketulo.
Koma kamphira kozungulira ngati mphete yaukwati,
komwe ndinaitanitsa mu Febuluwale,
kafika dzulo lomweli,
katoni itatopa ndi zidindo za a kasitomu.

Ndakaika. Ndamanga. Ndapima ndi tochi kawiri.
Tambala asanalire, tikubweza zida pathabwa
pomwe chida chilichonse chinajambulidwa mthunzi wake.
Mapulayala alowa, hamala yalowa.
Mthunzi umodzi watsala wopanda mwini:
sipanala nambala teni.

Ndayang'ana Wilmer, mnyamata wophunzira ntchito.
Sindinanene kanthu, maso anena okha.
Wakhuthula matumba onse a ovololo,
mwatuluka chingamu, nati imodzi, chithunzi cha chibwenzi.

Bambo Rengifo atulukira, tayi ili pakhosi kale.
"Anthu makumi anayi ndi asanu ndi atatu ali pamzere.
Ndi kasipanala chabe, mayi,
ndikugulirani khumi kukacha."

Sindikulira sipanala, bwana.
Ndikufuna kudziwa kumene yagona.
Chitsulo choiwalika m'ndege sichigona tulo,
chimadikira mtambo woyamba wogwedeza
kuti chiyambe ulendo wakewake
pakati pa mawaya ndi mapaipi.

Ndawaona kudzera pagalasi anthuwo:
mayi wafungatira envulopu yaikulu yakuchipatala,
wamalonda akuuzira mpweya tinsomba ta m'mapepala apulasitiki,
kamtsikana kagona pachikwama, nsapato zili m'manja.
Sakundidziwa dzina.
Akudziwa wotchi yokha.

Tatsegulanso zonse zomwe tinatseka,
masikuluwu makumi asanu ndi limodzi,
limodzilimodzi, m'kambale.
Udzudzu ukutiyamwa m'makutu, manja ali ndi girizi,
sitingadzikande.
Mu injini mulibe. M'phiko mulibe.
Kunja kwayera, mvula yaleka osatsanzika.

Kenako m'chipinda cholowa mateyala,
kuseri kwa paipi, tochi yagwira kuthwanima.
Ndalowetsa mkono mpaka m'phewa.
Yatuluka yozizira, yosalakwa.
Ndani anagwira kuno usiku uno?
Wilmer sanafikeko. Ndine.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pantchito,
ndine.

Mnyamata wayang'ana pansi, kundichitira manyazi ine.
Ndati, "Taona bwino, Wilmer.
Thabwa lija silifunsa kuti unayamba liti ntchito."

M'buku la ndege ndalemba chifukwa chochedwera
monga momwe chilili, zilembo zosapendekeka,
ndasaina pansi pake dzina lonse.
Bambo Rengifo awerenga, akanda m'mutu, apita.

Mapulopela azungulira, madzi a pabwalo athawa.
Yanyamuka mochedwa ndi maola awiri,
m'katimo wina akutukwana kampani,
ndipo kutukwanako ndikukukonda:
munthu wotukwana ndi wamoyo.

Ndapachika sipanala pamthunzi wake.
Ndateleka ketulo, makapu awiri,
ya Wilmer shuga wambiri.
Nthunzi ikukwera, ikunyowetsa chithunzi chija,
ndege zisanu ndi imodzi zoyera mbee,
zomwe sizinadonthepo mafuta.
Bwerani, ndikuziuza.
Koma mubwere ndi thabwa lalikulu,
ndi anthu odziwa kuwerenga mithunzi.