Zimene Zimalira M'malo Mwake

Mazira khumi ndi awiri ndinawagula pa msika wa ku Quixadá,
atakulungidwa m'malaya akale a mnyamata wogulitsa tchizi,
amathothomathotho, olimba ngati miyala ya mumtsinje wouma.
Usiku ndinawalowetsa pansi pa thadzi lofiira lotsimphina
limene Deoclécio ankati tidzadye pa Khirisimasi.

Masabata atatu atatha, thadzi linayamba kundiyang'ana cham'mbali
ngati munthu amene ndili naye ngongole.
Ndinaliuza kuti lipirire sabata ina.
Anaswa asanu ndi anayi.

Awiri anawatenga mame a m'mawa.
Mmodzi anamira m'mbale ya madzi osabisa n'chala chomwe.
Otsalawo sanamve chinenero cha mayi wawo.
Iye akapalasa pansi n'kuitana,
iwo ali kale kumpanda, mondondozana,
kuthamangitsa ziwala pakati pa minga.
Kenaka madzulo ena, nkhuku zikulowa m'khola,
phuluu! onse asanu ndi mmodzi mumtengo wa mango.
Thadzi linaima pansi, khosi m'mwamba,
mpaka ndinapita kukalinyamula.

Kuno kwathu ku Ceará timamva mawu m'kulira kwa nkhanga:
ndafooka, ndafooka, ndafooka.
Ndi zazikazi zimene zimatero,
ndipo ndi bodza lamkunkhuniza.
Ndaziona zikuthamangitsa tambala kuzungulira thanki ya madzi
mpaka mchira wake wonse kutsala m'fumbi.
Nkhupakupa zatha m'udzu wa mbuzi.
Tsiku lina zinazinga njoka kuseri kwa nkhuni,
kuitukwana mopanda manyazi
mpaka Zulmira wa kuseri kwa mpanda anabwera ndi khasu,
yemwe uja amadandaula kuti zimamudzutsa kusanache.

Mazira siziikira kwanu ayi.
Ndinafufuza masabata awiri, miyendo yonse zipsera,
ndinakawapeza makumi atatu m'dzenje limodzi
m'munda wa chinangwa wa Anacleto,
iye n'kumati poti nthaka ndi yake, theka ndi lake.
Ndinamupatsa asanu.

Deoclécio anakumba zitsime zaka makumi anayi.
Chilala chija chinapha ng'ombe zathu zonse zitatu,
iye anazisenda yekha, kuyanika zikopa, kusamba m'manja
ndi madzi a m'kapu imodzi.
Mawu aja sindinawamvepo pakamwa pake,
ngakhale tsiku limene tinaika mwana.

Tsopano mbali ya kumanja inamuthawa.
Amagona m'machila pakhonde, chipewa pachifuwa,
dzanja lija lokumba lili pamimba ngati la mlendo.
Namwino akabwera pa njinga yamoto Lachiwiri
n'kufunsa kuti thupi likuti bwanji,
theka la mlomo limayankha kuti bwino.

Pomwepo zija zimatulukira pangodya ya nyumba,
mitu ya dazi, madiresi a maliro okhala ndi madontho,
n'kuyamba: ndafooka, ndafooka,
mokweza, mosasinthana mpweya,
ngati zalipidwa.
Namwino amatseka makutu.
Deoclécio amaseka ndi diso limodzi,
n'kupisa dzanja lamanzere m'chitini cha chimanga,
kuponya mosalunjika.
Zambiri zimagwera pamapazi ake.
Nkhuku ndi zimene zimafika pafupi kudzatola,
nkhanga zimadikira patali, sizinazolowere munthu,
ngakhale ine amene ndinazifunditsa nsanza zili tianapiye.

Dzulo anandikoka chovala, akuloza nazo ndi chibwano.
Ndinawerama kuti ndimve.
Anati: usaziphe zimenezo.
Ndinati sindingazigwire n'komwe.

Dzuwa likamalowa ndimawerenga.
M'khola khumi ndi zinayi, ndi tambala wopanda mchira.
Mumtengo zisanu ndi imodzi, zikukanganirana nthambi.
Thadzi lotsimphina ladutsa Khirisimasi ziwiri,
limaimabe pang'ono pansi pa mango lisanalowe.
Ndimatseka chitseko cha waya, kutsamiritsa mwala,
ndiye ndimapita pakhonde,
kuika phewa langa m'khwapa mwake,
n'kuwerenga mpaka katatu.