Mafunde Opanda Madzi

Ku Lusaka kulibe nyanja,
koma ine ndimadya za mafunde.
Lolemba ndinali pamwamba pa mlongoti wa ku Chawama,
lamba m'chiuno, sipanala m'dzanja,
mphepo ya Ogasiti ikundiwomba makofi a fumbi.
Pansi, malata a nyumba ngati mamba a nsomba youma,
ndipo pakati pa ine ndi malatawo
pankadutsa zonse zimene mzinda ukunong'ona:
ngongole, malonje, uthenga wa maliro a ku Katete,
"ndatsika basi, iwe uli pati?"
Sindinamve kanthu. Zinkangondipyola m'nthiti
ngati ndine chitseko chimene anaiwala kutseka.

A Daka, oyandikana nafe, akuti,
"Ndi zitsulo zako zomwezo zadwalitsa mkazi wako."
Ndinawayankha monga anatiphunzitsira,
kuti mafunde a foni ndi aatali, aulesi,
ntchito yawo n'kufunditsa basi, sathyola kanthu m'thupi;
tikamazimitsa mbale ija tisanaime patsogolo pake
timaopa kupsa, osati kulodzedwa.
Anangoti "eyaa,"
eyaa wa munthu amene mlandu wauweruza kale.

Lero Lachitatu. Ndili pa benchi
ku chipatala cha khansa, chipewa pa bondo.
Enelesi walowa.
Amulemba timadontho titatu pa bere la kumanzere
kuti makina asasochere.
Chitseko chake n'chochindikala kuposa khoma la banki.
Mayi Njobvu, oyendetsa makinawo,
amavala kabaji pachifuwa
kowerenga cheza chimene amwa mwezi uno.
Iwo amatuluka. Mkazi wanga amatsala.
Nyali yofiira yayaka.

Akuti n'za mbumba imodzi zonsezi:
magetsi ndi maginito atagwirana manja, n'kuliyatsa liwiro,
liwiro limodzi, koma maponda osiyana.
Wa wailesi amadanda, phazi limodzi walumpha mpanda;
kutentha kwa mbaula kumayenda timagawo tochepa,
kuwala kumene ndikuonera zala zangazi, tochepetsetsa.
Tsono wofupika mwendo ndiye waukali.
Ekisire anadutsa mnofu wa Enelesi ngati nsalu ya udzudzu
n'kutionetsa kamthunzi konga nthanga ya dzungu.
Wa lero ndi msuweni wake, wolusa koposa.
Akachuluka, ndiye mwini kudzala nthenda;
akamuyeza bwino, amaipalira.
Nkhuku ndi nkhwazi, zonse n'za mapiko.
Ndikadawauza zimenezi a Daka,
koma pano ngakhale ine ndikugwira benchi mwamphamvu.

Pakhoma pali kanema wopanda mawu.
Mnyamata wina akumuloza ndi rimoti, sikugwira,
akuimenya pa ntchafu.
Ndikufuna kumuuza kuti asuntheko, chipilala chatchinga,
kuwala kwakeko sikudziwa kukhota,
koma kukhosi kwauma.

Mphindi khumi ndi ziwiri.
Ndakwerapo milongoti mvula ikugunda,
sindinaone mtunda wautali chotere.

Nyali yazima. Watuluka, akumanga chitenje,
khungu la paphewa lada ngati walima tsiku lonse.
"Zapweteka?"
"Ayi. Kulira kokha, ngati njuchi m'botolo.
Bwereke foni."
Akuimbira Tionenji, amene tamusiyira mng'ono wake ndi makiyi.
Mawu ake achoka m'dzanja lake,
akwera m'mwamba mwa Kabwata, mwa Kamwala,
akatera pa chitsulo chimene ndinamanga Lolemba,
pa bawuti imene ndinaikunga kawiri.
"Ndili bwino, mwanangu. Watunga madzi?"
Bodza lake laling'onolo
ndalinyamula ndine, mosadziwa.

Panja dzuwa lili paliwombo.
Anati pamene pawotchedwapo pasaone dzuwa,
nalonso lili ndi cheza chake chobisika, choluma.
Ndatambasula ambulera yothyoka nthiti imodzi,
anyamata oitanira basi akuseka,
"Bamdala, mvula ili kuti?"
Enelesi wandigwira pa chigongono.
Kwatsala masiku khumi ndi anayi.