Wokonza Mapaipi wa ku Chinamwali

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndinkatsegula mapaipi a anthu,
kuchokera ku damu la Mulunguzi kutsetsereka mpaka ku Sadzi.
Ndikagunditsa khutu pachitsulo ndinkadziwa
ngati ndi mchenga, dzimbiri,
kapena muzu wa bulugamu wofinya mwakachetechete.
Lero yanga yandikanika.

Usiku ndimadzuka kasanu.
Ndimaima dzanja lili pakhoma, kudikira
ngati mayi wa ku Chikanda pampopi wa mu Okutobala:
dontho,
kenaka zii,
dontho lina lamanyazi.
Abiti Ndembo amanamizira tulo
koma ndikudziwa, amawerenga kulira kwa chitseko.

Padepoti, mnyamata wa chimkuzamawu
anandigulitsa botolo la mizu yofiira, zikwi zinayi,
akuti limatsuka amuna ngati mvula yoyamba.
Linatsuka thumba langa basi.

Lachiwiri ndinapita ku Central.
Kabaza ndinamukana, chishalo sindigwirizana nacho masiku ano.
Pabenchi tinali asanu ndi awiri, tonse aimvi,
aliyense akucheza ndi nsapato zake.
Dokotala Namakhwa, msinkhu wa mwana wanga wachitatu,
anavala magolovesi.
Zotsatirazo ndi za ine ndi iye.
Anatenga magazi, anatenga mkodzo,
sabata inayo n'kundijambulira papepala:
chikhodzodzo ngati thanki,
pansi pake kachiwalo kokumbatira njira,
dzina lake prositeti.
“Kakula, bambo, koma khansa sitinaipeze.
Amuna ambiri kamakula nawo pamodzi ndi zaka.”
Ndinatulutsa mpweya umene ndinausunga
chichokereni kunyumba.

“Ena timangowayang'anira,” anatero,
“tiyi wamadzulo asiye, mowa achepetse,
madzi azimwa dzuwa likadali m'mwamba.
Inu pamenepo mwadutsapo.
Pali piritsi lomasula minofu pakhomo pa chikhodzodzo.
Limagwira msanga, koma podzuka
muzidzuka ngati birimankhwe, chizungulire chingakugwetseni.
Lina limachepetsa kachiwaloko, koma n'lofatsa,
miyezi isanu ndi umodzi musanaone kusintha,
ndipo ena limawaziziritsa za kuchipinda.”
Ndinatsokomola.
Iye sanaseke, ndipo ndinamuthokoza mumtima.

“Njira ikadzatsekeratu musadikire kuti kuche.
Bwerani tiike kapaipi, impso zisavulale.
Zonsezi zikakanika, pali opaleshoni,
kupala m'kati kudzera m'njira yomweyo,
kapena kung'amba pamimba ngati kakula kwambiri.
Mzere wake ndi wautali, mwina mpaka ku Blantyre.”

Ndinakumbuka Che Mtalika, amene tinkakumba naye ngalande.
Anabisa zake mpaka mimba inauma ngati ng'oma,
ana anamukankha pawilibala usiku wamvula
kuwoloka Likangala akubuula.
Lero ali ndi kathumba m'thalauza, akudikira tsiku lake,
ndipo amanyada kuti pabawo ndiye yekha sadzuka.

Ndinafunsa monga munthu wantchito:
“Mukanakhala inu mwini paipi, mukanayambira pati?”
“Sitikumba msewu tisanayese sipanala,” anayankha,
“koma thupi ndi lanu, musankhe ndinu.”
Mwanayu ntchito amaidziwa.

Ndinatsika ndi kapepala ka pulasitiki,
chizindikiro chili pansi pa mwezi: limodzi, pogona.
Tsiku lachiwiri khoma linavina, ndinagwira mpando.
Tiyi wa sikisi koloko ndamusiya,
ndimamusowa kuposa anzanga ena amene anatsogola.

Sindinena kuti Mulunguzi wabwerera.
Ndi kamtsinje ka m'chilimwe, koma kakuyenda.
M'kabuku ka kuchipatala alembamo tsiku lobwerera,
ndipo mpeni uja sunachoke m'maganizo mwanga.

Dzulo m'mawa, ndikupukuta sipanala zakale pakhonde,
Abiti Ndembo anadutsa ndi tsache,
osandiyang'ana n'komwe,
n'kuuza nkhuku zake:
“Usiku wathawu chalira kawiri kokha.”