Impso ya Velinasi

Impso ya mlongo wanga Velinasi
ili mwa ine chaka chachiwiri tsopano,
kumanja, kunsi kwa chipsera chonga chikwakwa.
Sinabwere yokha.
Kachilombo, akutero adokotala a ku Lilongwe,
kanali chigonere mwa iye, osamulumapo;
mwa ine kapeza mpanda wakugwa.

Mpandawo ndimagwetsa ndekha,
sikisi koloko m'mawa, sikisi koloko madzulo:
mapiritsi awiri oyera
ouza thupi kuti lisamenye mlendo.
Kenako lina, lofiirira, lochititsa nseru,
lokasaka kachilombo komwe kabisala.
Dzanja ili kutsegula chitseko,
linali kugwira chibonga.

Lolemba ndinakwera minibasi pa Bembeke,
magazi ndinakawasiya m'kabotolo.
Nambala yatsika, akuti, koma sikanafe.
Miyezi ina itatu.

Velinasi sindinamuuze.
Dzulo ndinamupeza akukumba kachewere kudimba,
chisanu cha Juni chikuluma makutu.
Anaweramuka, dzanja m'chiuno,
mbali yopanda kanthu ija,
n'kukuwa: "Ikugwira ntchito?"

Ndinati ikugwira.
Sindinaname.
Usiku ndinatuluka katatu kukataya madzi,
mano akugundana,
ndikuthokoza.