Tsache la M'makina

Usiku wa Novembala ku Matundo,
fani ikupukusa mutu ngati ikukana mlandu,
malole a malasha ochokera ku Moatize akunjenjemeretsa mawindo.
Malaya ndavula kale. Maso ali pa kompyuta.

Ntchito yake njosavuta kuinena:
makina amange phukusi la pulogalamu,
akamaliza asese pamene amamangirapo.
Basi.
Koma tsache lathu linali laulesi.
Linkatola mafayilo apamwamba,
mafoda a m'kati mwa mafoda n'kuwasiya ali phee,
ndipo zinyalala zadzulo
zinkazembera m'phukusi lalero.
Ndi mmene sitolo ya mankhwala ku Ulongwe
inagulitsira sabata yathunthu pa mitengo ya chaka chatha.
Dona Belarmina anandiimbira foni,
mawu ali ozizira kuposa mphepo ya kwawo kumapiri.

Ndinapsa mtima. Ndinaliuza tsachelo:
sesa zonse, usafunse munthu.
Lachiwiri linandimvera.

Dzina la foda linafika lopanda kanthu,
kampata kamene ndinaiwala kudzaza,
ndipo tsache, posadziwa poyambira,
linayambira pamene linaima.
Linapeza kakhomo kolozera kwa Zeferino,
linalowa osaodira.
Ntchito ya masabata atatu,
psiti.

Zeferino sanandinene.
Anatuluka, anabwera ndi mabotolo awiri a madzi ozizira,
limodzi n'kuika pa tebulo langa.
Bwenzi atangonditukwana.
Mwayi wake, kope lina linagona m'kadiski
m'thumba la jekete imene mu Tete muno savala.

Ndiye lero ndikulemba pang'onopang'ono
ngati wowoloka mlatho wa Zambezi atasenza mazira.
Dzina likabwera lopanda kanthu, ima, ukuwe, undidzutse.
Ukaona khomo lopita kwa eni
chotsa chikwangwani chokha, phazi lako lisalowe.
Uyambire kuchipinda cham'kati, uzituluka chafutambuyo,
chifukwa foda yokhala ndi ana sigwetsedwa
ana ali m'nyumba.

Ndayesa kasanu. Yayera kasanu.
Kachisanu ndi chimodzi magetsi athima,
ife amene Cahora Bassa ndi wa kwathu,
ndipo atabwera ndapeza foda yomangidwa theka,
yopanda mwini, yopanda mapeto,
imene malamulo anga onse sakuidziwa.
Ndaseka ndekha. Ndatsegulanso fayilo.

Kunja kwayamba kuyera.
Mtsikana wa a landilodi, Custódia, akusesa pabwalo.
Wafika pakhomo panga,
wanyamula nkhwaila zanga, wasesa pansi pake,
wazibwezera pomwe zinali,
mphuno zake zikuyang'anabe kuchitseko.
Palibe anamulembera mzere ngakhale umodzi.

Ndamuyang'ana mpaka wakhota kuseri kwa bafa,
kenako ndabwerera pampando
kukaphunzitsa makina
kusiyanitsa fumbi ndi nsapato za munthu.