Bowo la Belu

Amene anamanga nyumbayi, kuseri kwa Mandala,
sankafuna kuti kanthu kalowe:
kaya kutentha kwa Okutobala, kaya chiperoni cha Julaye,
kaya mawu a wantchito akung'ung'udza kukhitchini.
Khoma lake mkono wathunthu,
njerwa zitatu zogundana misana, laimu pamwamba pa laimu.

Lero ndimachita lendi zipinda ziwiri m'menemu
ndipo khomalo silinaiwale ntchito yake.
Rauta imaphethira pabalaza ngati palibe mlandu,
koma ndikangolowa kuchipinda
timizere ta netiweki timathothoka kamodzikamodzi.
Tawina akaimba kuchokera ku Durban
nkhope yake imauma pakati pa mawu,
kukamwa yasa,
"Ababa, mwana wa..."
basi, kagudumu kayamba kuzungulira.

Ndayesa zambiri ine.
Ndinaichotsa kuseri kwa firiji,
ndinaikweza pakabati, pamwamba pa masutikesi a malemu amayi ake,
kanyanga kena chilili, kena chogona.
Ndinang'amba ngakhale chitini cha mkaka n'kuiveka kumsana
monga anandiuzira mnyamata wa pa Ginnery Corner.
Bandulo inkangopsa, ine ndili pakhomo la bafa,
mwendo wina mkati, wina kunja,
poti m'pokhapo pamene pankagwira.

Loweruka kunabwera Lonjezo wa ku Ndirande,
zida zake m'chikwama cha sukulu.
Anayenda nyumba yonse foni patsogolo
ngati wosaka madzi apansi,
n'kugogoda khoma, n'kupukusa mutu.
"Madala, mafundewa ndi amanyazi.
Njerwa zoterezi sapyola, amafuna khomo.
Apa m'pofunika chingwe, ndi kabokosi kachiwiri uko."
Koma Mayi Mbendera, eninyumba, anali atagamula kale:
msomali umodzi wokha, mulongedze.

Tinamwa tiyi osayankhulana.
Kenako iye anakwera pampando,
napala penti pamwamba pa chitseko ndi nsonga ya mpeni.
Kabowo!
Kotsekedwa ndi dothi la mavu,
mkati mwake kawaya kadzimbiri,
njira ya belu lija bwana ankaitanira kuki
osadzuka n'komwe pabedi.

Chingwe chathu chabuluu chinadutsa momwemo,
osagwetsa ngakhale kafumbi koti mayi aja aloze.

Usiku womwewo Tawina anamaliza chiganizo
chimene anachiyamba mu Marichi:
mwana wamera mano, awiri, am'munsi.
Ndinawawerenga ndekha nditagona chagada,
kamunthuko kakunyambita galasi la foni,
dovu lake kuoneka bwinobwino,
khoma lili duu,
kwa nthawi yoyamba mawu akulidutsa
osati oitana munthu kuti abwere ndi thireyi.

Isanakwane naini, Eskomu inatenga magetsi ake.
Timagetsi tobiriwira tinatseka maso, kuno ndi uko.
Sindinasake kandulo.
Ndinangogona momwemo, foni pachifuwa, ikadali yofunda.